Pa Sikelo: Giyabokosi ya njovu, miyendo ya mbuzi

Amalonda anzanga, pali kamchitidwe kena pakati pa eni mapikapu amene timachita hayala popita ku Neno. Giyabokosi ikangoyamba kulira, mwini galimoto amaichotsa n'kuikamo ina yaikulu ndi yolimba kuposa imene galimotoyo idabadwa nayo. Akatero amafika pamsika akudziguguda pachifuwa: "Mayi, pakirani mmene mungathere, iyi tsopano ndi lole." Lero tiike nkhani imeneyi pa sikelo, chifukwa mpamba umene umakwera galimotoyo ndi wanu, ndipo wokhala pamwamba pa matumba ndinu.

Choyamba tisawanyoze eni magalimotowa. Amene amangodziwa Neno ya pa Zalewa, pa phula, pomwe timagula manachesi tili m'basi, sadaione Neno. Mbatata ya kachewere ndi tirigu zili kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, cha kwa Dambe mpaka kumalire a Mozambique ndi ku Tsangano. Kumeneko misewu yolowa m'midzi ndi yafumbi, yamiyala, ndipo mvula ikagwa ndi thope lokhalokha. Neno idapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha mu 2003, koma mapiri sadasunthe. Galimoto yodzaza imakwera zitunda zimenezi pa giya wani ndi thu, injini ikubuula, kilatchi ikununkha. Giyabokosi yaing'ono siikhalitsa pa ntchito yotere.

Ndiye kusinthako nzeru zake zilipo. Titenge Toyota Hilux, poti ndi imene ambirife timaidziwa. Zakalezo zambiri zidabwera ndi giyabokosi zotchedwa G52 kapena W56. Ilipo ina yotchedwa R151F, imene a Toyota adaika m'magalimoto a injini zamphamvu. Mano ake ndi mabeling'i ake ndi okulirapo, ndipo giya wani yake ndi yotsika: injini imazungulira ka 4.31 kuti shafiti yotuluka izungulire kamodzi, pomwe pa W56 ndi ka 3.95. M'chichewa chake, galimoto imanyamuka pa chitunda mosavutikira kwambiri, dalaivala osapsereza kilatchi.

Koma giyabokosi si thumba la chimanga loti watsitsa ili wakweza ilo. Chigoba chimene chimailumikiza ku injini, chimene amakaniko amati bell housing, chiyenera kugwirizana ndi injiniyo. Mbale ya kilatchi iyenera kulowana ndi shafiti yatsopano. Propshaft nthawi zambiri imafunika kuidula kapena kuitalikitsa, ndipo ikapanda kubalansidwa galimoto imanjenjemera mpaka kuthyola zina. Chitsulo chopingasa chimene giyabokosi imakhalapo chimasuntha malo. Ngati ndi 4x4, nayo transfer case iyenera kukhala yogwirizana. Makaniko wodziwa ntchito amayeza zonsezi asanamasule bawuti ngakhale imodzi. Wa pansi pa mtengo wa mango amangowotcherera, n'kunena kuti zikhazikika zokha poyenda. Zimakhazikikadi, koma pakati pa thengo, matumba anu ali pomwepo, manachesi akuola.

Tsono mfundo yanga yeniyeni ndi iyi. Ngakhale ntchito itagwiridwa mwaluso, chasinthika ndi chinthu chimodzi chokha. Masipuling'i ndi omwe aja. Difu ndi ekiselo ndi zomwe zija. Matayala ndi omwe aja, mwinanso akaunjika. Mabuleki ndi omwe aja. Kale galimoto ikalemedwa, giyabokosi ndiyo inkayamba kudandaula, ndipo imeneyo ikafa galimoto imangoima, inu n'kutsika ndi moyo. Lero mwaitseka pakamwa. Chotsatira kugonja ndi ekiselo, tayala kapena buleki, ndipo zimenezi sizichenjeza munthu. Mwaika mtima wa njovu pa miyendo ya mbuzi.

Tiwerengere limodzi, poti masamu ndi ntchito yathu. Pikapu imene timaiti wani tani idapangidwa kunyamula pafupifupi makilogalamu 1,000. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Nanga thumba la kachewere lija timalisokerera chisoti pamwamba, lilipo la makilogalamu 50? Ndiye onjezani anthu. Amayi ndi abambo khumi, aliyense makilogalamu 60, ndi makilogalamu 600, kufanana ndi matumba 12. Tikakwera khumi, malo a katundu atsala a matumba 8 basi. Giyabokosi yatsopano siisintha nambala imeneyi ngakhale ndi kilogalamu imodzi, ndipo a Road Traffic popereka COF saonjezera kulemera kololedwa chifukwa choti mwagula R151F.

Choopsa china n'chakuti ulendo wa ku Neno umapita wopepuka n'kubwerera wolemera, ndipo wobwererawo ndi wotsetsereka, kuchoka kumapiri kutsikira kuchigwa cha Shire. Kukwera ndi ntchito ya giya, kutsika ndi ntchito ya mabuleki. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha sagwira. Dalaivala wanzeru amatsika pa giya yomwe akanakwera nayo, kuti injini izigwira galimoto. Wopusa amaika nyutulo ati akupulumutsa dizilo. Ameneyo muuzeni aime, mutsike. Dizilo amagulidwa, mwendo sugulidwa.

Inu eni magalimoto, ngati mwatsimikiza zosintha, sinthani, koma safunsa adadya phula. Giyabokosi yakale yochokera ku Joni kapena ku Japan musaigule ndi maso okha. Masulani bawuti yokhetsera oilo muone ngati pali tizidutswa ta zitsulo. Gwedezani shafiti yakutsogolo mumve ngati ikusewera. Lowetsani magiya onse limodzi ndi rivesi. Ndalama ina isungireni mabuleki, matayala ndi masipuling'i. Ndipo mukadzaza katundu musathamangire giya faifi: giya folo ndiyo imadutsitsa mphamvu molunjika, pomwe faifi imalemetsa mabeling'i.

Ife ochita hayala tilinso ndi mbali yathu. Ndife timakakamira kuti "kathumba kamodzi aka kokha, achimwene," pofuna kugawana mtengo wa ulendo anthu ambiri. Funsani mwini galimoto kuti mabuleki adawaona liti, osangomvera za giyabokosi. Yang'anani kumbuyo: masipuling'i akawongoka, bodi n'kutsala pang'ono kukhudza tayala, katundu wakwana. Maulendo awiri ndi odula, inde, koma maliro ndi odula koposa, ndipo geni imathera pomwepo.

Pomaliza, mawu awiri kwa akuluakulu andale. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza wamveka m'misonkhano ya kampeni chisankho ndi chisankho. Dziwani kuti giyabokosi iliyonse imene yafera m'mapiri a Neno amailipira ndi mlimi wa kwa Dambe, amene timamugula motchipa poti thiransipoti yadula, komanso mayi wa ku Ndirande amene akugula mulu wa kachewere. Msonkho umenewo sulembedwa pa chiphaso chilichonse, koma tikuupereka.