Superman wafika pa Songani, koma akuyankhula ndi pakamwa pa wina

Pa Songani, malo a malonda omwe ali m'mbali mwa msewu wa M3 wochoka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, palibe holo ya kanema. Zomwe zimapezeka m'malo a malonda ngati amenewa ndi tizipinda ta vidiyo: mabenchi angapo, chinsalu chotchinga pakhomo, wailesi ya kanema pamwamba pa tebulo ndi sipika yoyang'ana kunja kuti wodutsa amve kuti mkatimo nkhondo yayambika. Tizipinda totere, pamodzi ndi mafoni a m'manja omwe achinyamata amaunjikirana pakhonde la sitolo, ndiwo makomo omwe filimu iliyonse ya ku Hollywood imalowera m'chigwa cha Domasi. Filimu ya Superman, yomwe idatuluka pa 11 July 2025, nayo ilibe khomo lina.

Kunja kwa dziko lino filimuyi yautsa mapiri pachigwa. Mkangano udabuka isadatuluke n'komwe, pomwe mkulu yemwe adailemba ndi kuitsogolera, James Gunn, adauza nyuzipepala ina ya ku Britain kuti nkhani ya Superman ndi ya munthu wobwera, wochokera kwina, ndipo kuti phata lake ndi kukoma mtima. Ena mwa oyankhulapo pa ndale ku America, makamaka pa wailesi ya kanema ya Fox News, adakwiya ponena kuti Gunn walowetsa ndale m'zisangalalo panthawi yomwe boma la Donald Trump likusaka ndi kuthamangitsa anthu opanda mapepala. Ofesi ya Trump nayo idaponya pa intaneti chithunzi cha mtsogoleriyo atavala zovala za Superman. Ngakhale kudali phokoso lotere, anthu adakhamukira m'maholo ndipo filimuyi yapeza ndalama zoposa $600 miliyoni padziko lonse.

Zomwe adanena Gunn sizidali zachilendo kwenikweni. Superman adayamba kuoneka m'mabuku a zithunzi mu 1938, ndipo omwe adamupeka, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adali ana a Ayuda omwe adasamuka ku Ulaya kukafuna moyo wabwino kutsidya la nyanja. Khanda lomwe makolo ake adalithawitsa dziko lawo la Krypton likuphulika, n'kukaleredwa ndi alimi ku Kansas, ndi mlendo kuyambira tsamba loyamba. Awiriwo adagulitsa umwini wa nkhaniyi pamtengo wa $130 yokha, ndipo adakhala zaka zambiri akulimbana kuti apezeko kena kake pa chuma chomwe ntchito yawo idabala.

Funso lofunika kwa ife ndi lakuti: pa mkangano wonsewu, n'chiyani chomwe chimafika m'khutu la mnyamata yemwe wakhala pabenchi pa Songani? Yankho lake lili m'manja mwa munthu mmodzi yemwe dzina lake silipezeka pa mndandanda wa omwe adapanga filimuyo. Ameneyu ndi womasulira.

Ulendo wa filimu yotere ndi wodziwika. Imayamba kufika ili yosaoneka bwino, yojambulidwa mozemba m'holo ya kanema kunja kwa dziko lino, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Pakapita masabata angapo, eni ake akaiyika pa intaneti kuti anthu agule, kope yoyera imapezeka. Kenaka anyamata a m'matauni, omwe ambiri amawatcha ma DJ, amaitenga n'kuikamo mawu a Chichewa: munthu mmodzi amayankhula m'malo mwa mwamuna, mkazi, mwana ngakhalenso chilombo, uku akuthirirapo ndemanga zake, nthabwala, mayina achimalawi ndi malonje kwa anzake. Ikachoka pamenepo imayenda pa fulashi ndi pa memori khadi, kudzera m'tizipinda tobenera nyimbo, mpaka kufika kumudzi. Kampani ya Warner Bros. yomwe idawononga ndalama zankhaninkhani popanga filimuyo sionapo ndi tambala yomwe.

Pa mafilimu a karate ndi a mfuti, omwe akhala akudzaza tizipinda ta vidiyo kwa zaka zambiri, ntchito ya womasulira ndi yopepuka. Zibakera zimadziyankhulira zokha. Koma Superman wa 2025 ndi wovutirapo, ndipo apa ndi pomwe okonda mafilimu angasiyane maganizo popanda kudziwa kuti chomwe akukanganirana ndi ntchito ya womasulira osati ya Gunn.

Choyamba, filimuyi siyambira pachiyambi. Mbiri yonse ya khanda lochokera ku Krypton yangolembedwa m'mizere yochepa ya Chingerezi isadayambe, ndipo ngwaziyo, yomwe akusewera ndi David Corenswet, timayamba kuiona itagwa pansi, ikutuluka magazi, itagonja pa ndewu kwa nthawi yoyamba, mpaka kukokedwa kupita kwawo ndi galu wosamva Krypto. Kwa woonera yemwe adazolowera kuti ngwazi sigonja mpaka kumapeto, ichi chokha n'chokwanira kuti anene kuti Superman ameneyu ndi wofooka. Womasulira akadumpha mizere ija, kapena akaiphimba ndi malonje, woonerayo sadziwa chifukwa chomwe ngwazi yagwera.

Chachiwiri, mtima wa filimuyi uli m'zokambirana. Pali gawo lalitali ndithu pomwe mtolankhani Lois Lane, yemwe akusewera ndi Rachel Brosnahan, akufunsa Superman mafunso othina: adamupatsa ndani mphamvu yolowerera pa nkhondo ya pakati pa maiko awiri opeka, Boravia ndi Jarhanpur? Adafunsa boma liti? Amayankha kwa yani? Iye akupsa mtima n'kunena kuti anthu akadafa. M'gawo lonseli mulibe chophulika ngakhale chimodzi. Ndi mphindi zotere zomwe womasulira wotopa amadzaza ndi nthabwala za chibwenzi, chifukwa akudziwa kuti pabenchi anthu ayamba kuyasamula. Wina wodziwa ntchito yake angaigwire nkhaniyo n'kuifikitsa m'Chichewa chomveka, ndipo m'nthawi ya kampeni ya 2025, pomwe Amalawi ankakonzekera kukavota pa 16 September ndipo aliyense woimirira pansanja ankadzionetsa ngati mpulumutsi, funso lakuti wamphamvu amayankha kwa yani silidasowe omvera.

Ndiye pali nkhani ya ulendo ija. M'filimuyi mdani wamkulu, mpondamatiki Lex Luthor, akupeza uthenga womwe makolo a Superman adamusiyira ndipo akuulutsa chigawo chake chomwe chikumveka kuti adamutuma kudzalamulira dziko lapansi. Tsiku limodzi lokha, anthu omwe dzulo amamuombera m'manja akumutembenukira. Salinso mpulumutsi; wasanduka wobwera woopsa. Luthor alinso ndi gulu la anyani omwe ntchito yawo ndi kulemba zonyoza pa intaneti usana ndi usiku.

Ku America anthu aona izi ngati fanizo la ndale zawo. M'chigwa cha Domasi fanizoli lili pafupi kwambiri kuposa pamenepo. Kuchokera ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, achinyamata ochuluka akhala akupita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo nyumba zambiri za malata m'midzi ya kuno zidamangidwa ndi ndalama zochokera kumeneko. Mabanja omwewa akukumbukira chaka cha 2008 ndi 2015 pomwe nzika za maiko ena zidasakidwa m'makomboni a ku South Africa, mpaka boma la Malawi kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. M'miyezi yomwe Superman ankaonetsedwa mu 2025, gulu la Operation Dudula linkaima pazipata za zipatala za boma ku Johannesburg n'kumabweza odwala omwe alibe chiphaso cha dzikolo. Makolo adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma yemwe ali ndi mchimwene wake ku Joni akudziwa kuti kalumo komweko kangathe kusanduka mlandu. Munthu wotere safunika kumufotokozera tanthauzo la khamu lotembenukira mlendo. Chomwe akufunika ndi chakuti womasulira asaponde mawu a m'gawolo.

Si onse a m'derali omwe amadalira womasulira. Pafupi ndi Songani pali sukulu ya aphunzitsi ya Domasi College of Education ndi likulu la Malawi Institute of Education, ndipo mtunda wochepa kummwera kuli University of Malawi. Ophunzira ndi ogwira ntchito m'malo amenewa amaonera filimu m'Chingerezi pa kompyuta, amatsatira mikangano ya pa Facebook ndi TikTok, ndipo amatha kutsutsana ngati Corenswet akuposa Henry Cavill yemwe adasewera Superman kuyambira 2013, kapena ngati Boravia ikuimira Israel kapena Russia. Ambiri mwa iwo amaseka mafilimu omasulira ponena kuti ndi kuononga luso. Pali choonadi pang'ono m'kunyozako, pakuti omasulira ena amapeka zawo pomwe Chingerezi chawakanika. Koma onyozawo amaiwala kuti popanda ma DJ amenewa, mlimi wa mpunga wa ku Domasi, kapena mayi yemwe pakhomo pake amayankhula Chiyao ndipo Chichewa n'chiyankhulo chake chachiwiri, sakadakhala ndi njira ina iliyonse yotsatira nkhaniyo. Palibe kampani ya ku Hollywood yomwe imatulutsa mafilimu ake m'Chichewa.

Malamulo a dziko lino amaona ntchitoyi ndi diso limodzi. Lamulo la umwini wa luso la 2016, lomwe bungwe la Cosoma limayang'anira, limati kumasulira kapena kufalitsa ntchito ya wina popanda chilolezo ndi kulakwa. Palinso lamulo la 1968 loona za zisangalalo, lomwe limafuna kuti malo oonetsera kanema akhale ndi chiphaso ndipo filimu iunikidwe isadaonetsedwe kwa anthu. Lamuloli lidalembedwa m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pomwe filimu imabwera m'zitini ndipo maholo amawerengeka ndi zala. Lero filimu imayenda m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo. Zotsatira zake n'zakuti malonda onsewa amachitika poyera, aliyense akuona, koma popanda wowayang'anira kwenikweni, kupatula pomwe apolisi kapena mafumu alowererapo chifukwa ana akujomba kusukulu.

Nkhani ya ana ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa. Ku America filimu ya Superman adaiyika m'gulu la PG-13, kutanthauza kuti makolo achenjere ndi ana osakwana zaka 13. Chifukwa chilipo: muli gawo lomwe Luthor akupha ndi mfuti munthu wosalakwa, wogulitsa chakudya mumsewu, Superman akuona. Chenjezo limeneli limathera pa bwalo la ndege lomwe filimuyo sidadutsepo n'komwe. Pakhomo la kachipinda ka vidiyo chomwe chimafunsidwa ndi ndalama, osati zaka. Ndipo dandaulo lenileni la makolo ndi aphunzitsi si Superman, koma zomwe zimaonetsedwa m'tizipinda tina chinsalu chikatsekedwa usiku. Kutseka tizipinda tonse, monga momwe ena amapemphera, kumangosamutsira zonsezi pa foni, pomwe palibe ngakhale mwini malo woti mfumu imuitane pabwalo.

Chomwe chikutayika pakati pa kunyoza kwa ophunzira ndi kusalabadira kwa lamulo ndi msika. Mabenchi amenewa akusonyeza kuti Amalawi ndi okonzeka kulipira, ngakhale pang'ono, kuti aonere nkhani m'chiyankhulo chomwe amamva. Opanga mafilimu a m'dziko muno, kuyambira Shemu Joyah yemwe adatulutsa Seasons of a Life mu 2008 ndi The Road to Sunrise mu 2017, mpaka Joyce Mhango Chavula yemwe filimu yake ya Lilongwe idapata mphotho ku Nigeria mu 2016, akhala akuonetsa ntchito zawo makamaka m'mahotela ndi m'maholo a m'mizinda, komwe tiketi imodzi ingalipire mwana wa pa Songani kuonera vidiyo kwa masabata. Njira yofikira kumudzi ilipo kale, koma ili m'manja mwa anthu omwe lamulo limawaona ngati akuba, ndipo palibe dongosolo loti ndalama ya pabenchi ibwerere kwa wopanga filimu.

Anzathu a ku Zambia adayesa njira ina. Mu 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, nkhani ya zithunzi zoyenda ya atsikana anayi amphamvu zodabwitsa mumzinda wa Lusaka wam'tsogolo, yomwe adapeka ndi Malenga Mulendema. Ife chomwe takhala tikunyadira ndi magazi athu m'mafilimu a eni: malemu Connie Chiume, yemwe bambo ake adali ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, adasewera m'mafilimu onse awiri a Black Panther, a 2018 ndi 2022, asadamwalire ku Johannesburg mu August 2024. Mu Superman wa 2025, yemwe adaba mitima ya oonera ambiri ndi Mister Terrific, katswiri wa zipangizo yemwe akusewera ndi Edi Gathegi, wobadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Kampani ya Warner Bros. idalengeza kuti filimu yotsatira ya m'banjali, Supergirl, ituluka mu June 2026. Idzafika pa Songani kudzera pa memori khadi yomweyo, ndipo yemwe adzasankhe zomwe mtsikanayo anene m'Chichewa adzakhala mnyamata wina wokhala ndi kompyuta ndi maikolofoni m'kachipinda ka lendi m'tauni, wopanda chiphaso cha Cosoma kapena cha bungwe lounika mafilimu.