Chimbudzi chikadzaza, zonyansazo zimapita kuti?

Lero ndilankhula nkhani imene sitiikonda pa mphasa ya nsima. Mundikhululukire, koma ndiinena.

Pa Deuteronomo 23, Aisraeli anauzidwa kuti malo odzithandizira akhale kunja kwa msasa, ndipo munthu akumbe n'kukwirira. Anthu a m'chipululu anali ndi lamulo la chimbudzi. Nanga ife a m'chigwa cha Luangwa, kumene madzi amasefukira dzinja lililonse?

Tonse tikudziwa zimene zimachitika mu Januwale ndi Febuluwale. Madzi apansi amakwera, zimbudzi zokumba zimadzaza, zina zimagwa. Zonyansa zimatsata madambo mpaka mu Lupande, Lupande n'kuthira mu Luangwa. Chilimwe chikafika, amayi amafukula mchenga wa mtsinje womwewo kutunga madzi akumwa. Mwana akatsegula m'mimba timathamangira kunena kuti walodzedwa. Iyayi, abale. Wamwa zimene tinataya tokha.

Kodi tayiwala kolera imene inayamba mu Okutobala 2023? Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala, ana anakhala pakhomo mpaka Febuluwale 2024 osatsegulira sukulu. Amalonda anzanga, kolera ikabwera, choyamba kutsekedwa ndi msika. Matimati amaola, ngongole siidikira.

Tsono mkangano wanga ndi uwu. Pa misonkhano ya CDF timafuula borehole, borehole. Ndi zabwino. Koma borehole ili ndi mwambo wodula riboni, pamene nkhani ya manyi palibe wofuna kujambulidwa nayo. Mu 2024 constituency iliyonse, Malambo yathu yomwe, inapatsidwa K30.6 miliyoni. Ndani mwa ife anayimirira pa msonkhano wa ward kufunsa kumene zonyansa za pamsika, za kusukulu ndi za m'ma lodge zimatayidwa zikapopedwa?

Ena amati zimenezi ndi za ku Lusaka ndi ku Chipata, kuno ndalama sizingakwane. Sitikupempha mapaipi a mumzinda ayi. Malo ang'ono amagwiritsa ntchito maiwe atatu otsatana, okumbidwa pamtunda posafika madzi osefukira. M'dziwe loyamba zolimba zimadikha pansi. M'lachiwiri ndere ndi tizilombo tabwino timadya zotsala. Lachitatu ndi losaya, dzuwa limapha tizilombo ta matenda. Magetsi safunika. Dzuwa la Okutobala kuno likutisowa? Chofunika ndi malo kwa amfumu, mpanda wolimba chifukwa cha ana ndi nyama, ndi munthu wolipidwa wosamala.

Ifenso tisamangoloza chala. Chimbudzi chitalikire chitsime ndi mamita 30. Kumene madzi amakwera, chimangidwe chokwezeka, dzenje lake lowaka ndi njerwa. Matewera a ana asaponyedwe mumtsinje.

Timalipira msonkho wa pamsika, choncho kufunsa ndi ufulu wathu. Pitani kwa khansala wanu. Lembani ku Mambwe Town Council. Wina akathira zonyansa mumtsinje, ZEMA ilipo, kamuneneni, kaya ndi mbale wanu, kaya ndi bwana wa lodge.

Alendo amalipira madola kudzaona Luangwa kwa masiku ochepa. Ife timamwa madzi ake moyo wonse.

Tumizani uthengawu kwa khansala wanu. Ambuye akhale nanu.