Dziwe Pansi pa Mabenchi a Tchalitchi

Mwezi uno tikutengerani ku Saint Petersburg, m'dziko la Russia, kumene gulu lathu linacheza masiku angapo m'mwezi wa Juni. Nyengo imeneyo mdima sugwira kwenikweni kumeneko. Pakati pa usiku kumangokhala ngati chisisira, ndipo alendo amadzaza m'mphepete mwa mtsinje wa Neva kuti aone milatho ikutukuka, zombo nkumadutsa.

Mzindawu anaukhazikitsa Mfumu Peter I m'chaka cha 1703, pa malo a madambo, ndipo ambiri mwa anthu amene anakakamizidwa kudzaumanga anafera pantchitoyo. Unakhala likulu la Russia zaka pafupifupi 200, kufikira 1918 pamene boma linasamukira ku Moscow. Dzina lake linasintha katatu: Petrograd mu 1914, Leningrad mu 1924, ndipo mu 1991 unabwerera ku dzina lake loyamba.

Monga alendo onse, tinayambira ku Hermitage, nyumba ya mafumu imene tsopano imasunga zojambula ndi zosema zochuluka koti tsiku limodzi silikwana kuziona. Koma chimene chinatigwira mtima koposa ndi mbiri ya matchalitchi atatu.

Loyamba ndi la Saint Isaac, limene linamangidwa kwa zaka 40, kuyambira 1818 mpaka 1858, ndipo denga lake lagolide limaonekera patali. Mu 1931 boma la chikomyunizimu linalisandutsa nyumba ya zionetsero zotsutsa chipembedzo. Lachiwiri ndi la Kazan, pa msewu waukulu wa Nevsky Prospekt. Kuyambira 1932 munali nyumba yophunzitsa mbiri ya zipembedzo ndi kukana Mulungu, koma lero mumachitikanso mapemphero, ndipo tinapezamo mzere wa anthu odzapemphera.

Lachitatu, pa msewu womwewo, ndi Petrikirche, tchalitchi la mpingo wa Lutheran. Linatsekedwa mu 1937, ndipo abusa ake awiri, Paul Reichert ndi mwana wawo Bruno, anamangidwa naphedwa mu 1938. Nyumbayo inayamba yakhala mosungiramo katundu, kenaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inatsegulidwa ngati dziwe losambira. Kumene kunali guwa anaikako nsanja yodumphira m'madzi. Boma la Soviet Union litatha, akhristu anabwezeredwa nyumba yawo, ndipo inapatulidwanso mu 1997.

Dziwe lija silinachotsedwe ayi. Kuliphwanya kukadafooketsa makoma, choncho omanga anangoyala pansi patsopano pamwamba pake. Mpingo ukamaimba lero, dziwe louma lili pansi pa mapazi awo, ndipo mabenchi okwezeka a m'mbali, amene pankakhala oonerera osambira, akadalipo. Tinatsikira pansipo, tinaima m'kati mwa dziwelo, ndipo tonse tinasowa chonena.

Tsono funso limene tinakambirana madzulo ake ndi ili: m'zaka zoposa 50 zimene nyumbayo inali yolandidwa, mpingo unali kuti? Makoma sanasunge chikhulupiriro, pakuti makoma omwewo analandira matumba a katundu ndi phokoso la osambira mosawiringula. Anachisunga ndi anthu, makamaka amayi okalamba, amene m'madera ambiri a dzikolo ankapempherera m'nyumba zawo ndi kuphunzitsa adzukulu mwakachetechete. Zitseko zitatsegulidwa, panapezeka anthu olowamo chifukwa cha iwowa.

Kwa ife a ku Mozambique nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Mu 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo zaka za nkhondo zinabalalitsa mipingo yambiri, ena nkuthawira ku Malawi. Amene anasonkhanitsa anzawo pansi pa mitengo nthawi imeneyo ena akadali pakati pathu, atakhala pa benchi lakutsogolo Lamulungu lililonse, koma akutha mmodzimmodzi.

Chifukwa chake tikupempha zinthu ziwiri. Inu amene mudzakhala ndi mwayi wofika ku Saint Petersburg, musadzakhutire ndi kujambula madenga agolide. Dzafunseni zimene zinachitika m'kati mwa nyumbazo, ndipo dzapempheni kutsikira pansi pa Petrikirche. Inu achinyamata a m'mipingo yathu, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pansi ndi agogo anu chaka chino chisanathe. Afunseni kumene ankapempherera, amene ankawatsogolera, ndi zimene anataya. Zimene mulembezo muzipereke kwa akulu a mpingo kuti zisungidwe.