Mapepala Atsogole, Katundu Atsatire

Dziko la America lili ndi lamulo limene wamalonda aliyense wa m'dziko muno wogulitsa katundu kumeneko ayenera kulidziŵa bwino. Lamuloli, lotchedwa Importer Security Filing kapena 10+2, lidayamba kugwira ntchito mu January 2009, ndipo likuti woitanitsa katundu wodzera panyanja adziŵitse akasitomu a dzikolo za katunduyo asanakwezedwe m'sitima.

Woitanitsa ayenera kupereka mfundo 10, ndipo eni sitima apereke 2. Mwa mfundo za woitanitsa muli dzina la wogulitsa, la wogula, la wopanga katunduyo, dziko limene wachokera, nambala ya mtundu wa katunduyo m'buku la msonkho, ndiponso malo amene adalongedzera kontena. Zambiri mwa izi ziyenera kufika pasanatsale maola 24 kuti katundu akwezedwe m'sitima yopita ku America. Wochedwa kapena wolemba zolakwika angathe kulipitsidwa chindapusa cha madola 5,000, ndipo katundu wake angathe kusungidwa padoko.

Ena akudandaula kuti uku n'kuchulukitsa mapepala chabe. Ife sitikugwirizana nawo. Chichitikireni chiwembu cha pa 11 September 2001, dziko la America lidatsimikiza zodziŵa zimene zili m'kontena iliyonse isanayandikire madoko ake, ndipo maiko a European Union nawonso adakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 2011. Walira mvula walira matope: wofuna msika wa eni ake alemekeze malamulo a eni akewo.

Ngakhale wolipira chindapusa ndi wogula wa kutsidya kwa nyanja, mfundo zambiri zimachokera kuno, kwa wogulitsa. Tiyi, shuga, fodya ndi mtedza wa makademiya zimayenda mtunda wautali kukafika ku Beira, Nacala kapena Durban. Kalaliki mmodzi wa ku Limbe kapena ku Kanengo akazengereza, kontena ingathe kusiyidwa ndi sitima, ndalama zosungitsira padoko n'kumakwera tsiku ndi tsiku. Wogula amene walipitsidwa chifukwa cha ulesi wathu adzafuna wogulitsa wina, ndipo wovutika pomaliza adzakhala mlimi wa ku Thyolo ndi Mulanje amene adakhetsa thukuta m'munda.

Choncho tikupempha makampani onse ndi owathandiza pa za kasitomu kuti azitumiza mfundo zoona, zogwirizana ndi zolembedwa pa mapepala a sitima, kontena isananyamuke m'dziko muno. Kugwira ntchito molimbika sikuthera kumunda. Mbiri yabwino ya Malaŵi pa malonda ili m'manja mwa aliyense wogwira cholembera mu ofesi.