Chuku cha mu mtedza chisatiphere phee

A Malawi anzanga, tikamva za matenda timathamangira kuganiza za malungo, kolera ndi Edzi. Koma pali mdani wina amene timagula ndi ndalama zathu zomwe pamsika, n'kumupatsa mwana m'phala. Mdaniyo ndi chuku.

Chuku ndi chamoyo, m'bale wake wa bowa ndi yisiti wofufumitsira buledi. Chimabereka timbewu tosaoneka ndi maso timene timauluka ndi mphepo, ndipo tikagwera pa chakudya chonyowa pamalo otentha timamera timizu tonga ulusi n'kuyamba kudya chakudyacho. Pabanja limeneli pali abwino ndi oipa. Mankhwala a penicillin, amene Alexander Fleming anawatulukira ku London mu 1928, anachokera ku chuku. Koma mtundu wina wotchedwa Aspergillus flavus, umene umakonda mtedza ndi chimanga, umalavula poizoni wotchedwa aflatoxin.

Poizoni ameneyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Wina anena kuti zimenezo n'zakutali. Chabwino, tiyeni tiyandikire. Mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chochita chuku. Mu 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Choopsa chenicheni n'chakuti aflatoxin sakhala ndi fungo kapena kakomedwe koti n'kumuzindikira, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Akachuluka amawononga chiwindi m'masiku ochepa. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Ofufuza apezanso kuti ana odya chakudya chotere kawirikawiri amapinimbira.

Tsono tinene chilungamo, vuto lina tikulipanga tokha. Alimi ena amawaza madzi mtedza kuti usavute kusenda, ena n'cholinga choti ulemere pasikelo. Vendayo akagula amausunga m'matumba pasimenti m'chipinda chopanda mphepo. Posankha, wabwino upita kwa ogula akuluakulu, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda uja ugulitsidwa motchipa kuti akasinje nsinjiro kapena chiponde. Ukasinjidwa, ndani angadziwe? Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa biliyoni a poizoniyu, ndipo woposa pamenepo amaubweza. Amene azungu akana timadya ndife, makamaka osauka a m'matauni amene amagula kapaketi ka nsinjiro madzulo.

Inu amalonda, izi zikukhudza thumba lanu. Mtedza wogula wonyowa umapepuka ukauma, ndiye kuti munalipira madzi. Kanani katundu wosauma, sanjani matumba pamatabwa, ndipo woola mutaye. Musadyetse ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyu amatulukiranso mu mkakamo. Inu ana asukulu, mukapita kumudzi pa holide, auzeni makolo kuti asayanike zokolola padothi ndiponso asathire madzi mtedza posenda.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi makhonsolo a mizinda nawonso asamangoyang'ana katundu wopita kunja. Ayeze ufa, nsinjiro ndi chiponde cha m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo zotsatira zake azilengeza pawailesi kuti wogula adziwe. Chiwindi cha M'malawi sichisiyana ndi cha mzungu, choncho muyeso wotetezera ogula akunja utetezenso mwana wa ku Ndirande.