Maganizo a Mkonzi: Mlandu wa Kaundula wa Voti ku Kansas

Mu 2013, boma la Kansas ku America lidayamba kukakamiza olembetsa m'kaundula wa voti kuonetsa chikalata cha unzika, monga pasipoti. Kris Kobach, yemwe ankayang'anira zisankho, ankati akutsekereza obwera opanda unzika. Kwa ife uku kudali kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Kukhoti kudadziwika kuti lamuloli lidatchinga anthu oposa 30,000, pomwe obwera opanda unzika omwe adalowadi m'kaundula pakati pa 1999 ndi 2012 adali 39 basi. Jaji Julie Robinson adalithetsa mu 2018 ponena kuti likusemphana ndi lamulo la dziko lonse la 1993 lokhudza kalembera. Kansas idachita apilo, koma mu 2020 khoti lalikulu kwambiri lidakana n'kumva komwe.