Kusanza mukamaliza masewera si umboni woti thupi likulimba

Masiku ano achinyamata ambiri amachitira masewera olimbitsa thupi pakhomo. Amaonera kanema pa foni, kuyala mkeka, n'kuyamba kudumpha ndi kuchita mapushapu mpaka mphamvu zitatheratu. Wina amasanza, wina amamva chizungulire, ndipo mawa lake amalephera ngakhale kunjuta. Anzake amamuuza kuti apirire, ndi mmene thupi limalimbira. Inu makolo ndi inu odzipereka pa ntchito za umoyo, musavomereze mawu amenewa. Kudwala kotere kumasonyeza kuti thupi lapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake.

Munthu akamachita masewera amphamvu, magazi ambiri amapita ku minofu, m'mimba n'kutsala ochepa. N'chifukwa chake amene wangodya nsima n'kuyamba kudumpha amachita mseru. Thukuta nalo limachotsa madzi ndi mchere m'thupi. Akasiya mwadzidzidzi, magazi amatsalira kumiyendo ndipo ku ubongo amafika ochepa, chizungulire n'kuyamba. Mugonekeni pamthunzi miyendo itakwezedwa, muzimumwetsa madzi pang'onopang'ono. Ngati wasanza, Thanzi ORS amathandiza kubwezera madzi ndi mchere.

Kuphwanya kwa minofu komwe kumayamba mawa lake n'kwachibadwa. Kumakula pakati pa maola 24 ndi 72, kenaka kumazilala sabata isanathe. Mankhwala ake ndi kupuma, tulo tokwanira, chakudya chabwino ndi kuyenda pang'ono.

Koma pali vuto lina limene ambiri amalisokoneza ndi kuphwanya wamba. Minofu ikagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso imaonongeka, n'kutulutsira m'magazi chinthu chotchedwa myoglobin chomwe chimavulaza impso. Kuchipatala timalitcha rhabdomyolysis. Minofu imatupa, imafooka, imapweteka kwambiri, ndipo mkodzo umachepa kapena kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akafika msanga, madzi a mu diripi amateteza impso. Akachedwa angafunike makina otsuka magazi, omwe m'dziko muno amapezeka m'zipatala zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre.

Musathamangire kumugulira brufeni kapena diclofenac ku golosale. Mankhwalawa amaonjezera mavuto ku impso thupi likakhala lopanda madzi okwanira. Kupweteka pachifuwa, kukomoka, kubanika kosatha atapuma, kapena kulankhula zosokonekera pa dzuwa lotentha, zonsezi n'zofunika chipatala mwachangu. Ndipo ngati thupi latentha mawa lake, akayezetse malungo m'malo monamizira masewera.

Makolo ena atamva izi anganene kuti bola kumuletseratu mwanayo. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Matenda a BP ndi shuga akuchuluka pakati pathu, ndipo kungokhala ndi chimodzi mwa zomwe zimawabweretsa. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wamkulu azichita masewera kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 mphindi 60 pa tsiku. Mphindi 150 zimakwana bwino mukamayenda mwandawala mphindi 30 kwa masiku asanu.

Choncho muthandizeni kuyamba bwino. Ayambe ndi mphindi 10 kapena 15, azionjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo masewera amphamvu azidumphitsa tsiku. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, azichita m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi ali pafupi. Amene wamwa mowa dzulo lake, kapena akuchira kumene matenda, adikire. Odwala mtima, BP kapena shuga ayambe afunsa kuchipatala.

Wa mu kanemayo wakhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo sakumuona mwana wanu. Inu mukumuona. Akadandaula kuti thupi laphwanya, musachite manyazi kumufunsa mmene mkodzo wake ukuonekera.